Mlambe ndi Therere Banja Limodzi? Mmene Ubale wa Zomera Umadziwikira

Amene anaphunzira za mitengo zaka 30 zapitazo anauzidwa kuti mlambe uli m'banja la Bombacaceae, kaufiti ali m'banja la Scrophulariaceae, ndipo mthethe dzina lake ndi Acacia. Lero mwana wake akatsegula buku latsopano, kapena akajambula zomera zomwezo pa foni, akupeza zina. Mlambe wasamukira kwa therere ndi thonje, kaufiti wapita ku Orobanchaceae, mthethe ukutchedwa Senegalia. Chonsecho mlambe wa ku Salima ndi womwe uja, sunaphuke tsamba lachilendo. Tsono chasintha n'chiyani? Nanga munthu wopanda makina, ataima pafupi ndi chomera, angadziwe bwanji banja lake?

Banja la zomera n'chiyani

Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 300,000 ya zomera zochita maluwa, ndipo Malawi yekha ali nayo yoposa 5,000. Palibe mutu ungasunge mayina onsewo, n'chifukwa chake akatswiri amaika zomera m'magulu okwerana. Pansi penipeni pali mtundu. Tomato ndi mtundu, mbatatesi ndi mtundu wina. Mitundu yoyandikana kwambiri imaikidwa m'kagulu kotchedwa genus, ndipo dzina la kaguluka ndi limene limatsogola pa dzina la sayansi. Tomato ndi Solanum lycopersicum, mbatatesi ndi Solanum tuberosum, biringano ndi Solanum melongena, ndipo nthula ya kutchire ija nayonso ndi Solanum. Tsabola ali mu Capsicum, fodya mu Nicotiana. Timagulu tonseti pamodzi ndi tina timapanga banja la Solanaceae. Mayina a mabanja amathera ndi -aceae, kupatula ochepa akalekale monga Leguminosae, Gramineae ndi Compositae, amene malamulo a mayina amawalolabe.

Banja lili ngati mfunda. A Phiri a ku Dowa ndi a Phiri a ku Katete akhoza kusiyana msinkhu, khungu ndi ntchito, koma chowalumikiza ndi kumene anachokera. Ndipo anthu awiri ofanana nkhope pamsika sasanduka abale chifukwa cha nkhopeyo. Zomera za banja limodzi zinachokera kwa kholo limodzi lakalekale, ndipo ntchito ya wozindikira ndi kufufuza zizindikiro zimene khololo linasiyira adzukulu ake onse.

Kukhitchini timagawa zomera mwa njira ina, potengera ntchito. Chigwada, kholowa, nkhwani, khwanya, bonongwe, chisoso ndi mpiru zonse ndi ndiwo zamasamba, koma zikuchokera m'mabanja 7 osiyana. Kagawidwe ka kukhitchini sikolakwika ayi, kakungoyankha funso lina.

Maganizo oika zomera m'mabanja anayamba kuoneka bwino mu 1689, pamene Pierre Magnol wa ku Montpellier ku France anandandalika mabanja 76. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1753 anakhazikitsa mayina a mawu awiri aja, anali ndi njira yachidule yongowerenga timapesi ta mungu m'duwa. Inali yosavuta kuphunzira, koma inkaika pamodzi zomera zopanda ubale chifukwa choti nambala yangofanana. Michel Adanson, amene anakhala zaka zingapo ku Senegal ndipo mlambe unatchedwa Adansonia pomukumbukira, anatsutsa zimenezi mu 1763. Iye ankati chomera chiyenera kuonedwa chathunthu. Mu 1789 Antoine-Laurent de Jussieu anafalitsa mabanja 100, ndipo ambiri mwa iwo akadalipo mpaka lero. Onsewa ankaona kufanana popanda kudziwa gwero lake. Yankho loti kufanana kozama kumabwera chifukwa cha kholo limodzi linafala pambuyo pa 1859, Charles Darwin atafalitsa maganizo ake.

Tisanapitirire, si mtengo uliwonse umene umachita maluwa. Paini ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje sizichita maluwa kapena zipatso zenizeni, choncho zili kunja kwa nkhani ino.

Mphambano yoyamba: njere ikamera

Mukadzala nyemba ndi chimanga tsiku limodzi, onani mmene zitulukire. Nyemba imatukula timasamba tiwiri tonenepa, tomwe ndi mbali ziwiri za njere ija. Chimanga chimaboola nthaka ndi kansonga kamodzi. John Ray wa ku England anaona kufunika kwa kusiyana kumeneku cha m'ma 1680, ndipo mpaka lero ndi funso loyamba limene wozindikira amadzifunsa.

Za tsamba limodzi m'njere, monga chimanga, mpunga, anyezi, nthochi, nanazi ndi mgwalangwa, kawirikawiri mitsempha ya masamba awo imayenda mondondozana osapingasana, mizu yake ndi yanyenyeswa yopanda muzu waukulu, ndipo ziwalo za duwa zimabwera zitatuzitatu. Za masamba awiri, monga nyemba, mango ndi thonje, mitsempha imalukana ngati ukonde ndipo ziwalo za duwa zimabwera zinayi kapena zisanu. Koma lamuloli lili ndi olithawa. Chilazi chili m'gulu la chimanga, komabe tsamba lake n'lotambalala, la mitsempha yolukana. Komanso kafukufuku wa masiku ano wasonyeza kuti za tsamba limodzi ndi mbumba imodzi ndithu, pamene za masamba awiri si mbumba imodzi. Mapeyala ndi mpoza, mwachitsanzo, zinapatuka kale kwambiri, nyemba ndi mango zisanasiyane.

M'gulu la chimanga muli mabanja awiri amene amasokoneza anthu. Udzu weniweni ndi wa banja la Poaceae, limene lili ndi chimanga, mapira, mawere, mchewere, mpunga, nzimbe, bango ndi nsungwi. Phesi lake n'lobulungira, lili ndi mfundo, ndipo tsinde la tsamba limakulunga phesilo. Dawe ndi gumbwa zimaoneka ngati udzu koma ndi za Cyperaceae. Zulani dawe m'munda ndi kupota phesi lake pakati pa zala, mudzamva ngodya zitatu, ndipo mfundo simuipeza.

Tsamba limaloza njira, koma silimaliza mlandu

Tsamba ndi chimene chimapezeka nthawi zambiri, choncho ndi poyambira. Choyamba kuona ndi kakhalidwe kake pa nthambi. Masamba ena amatuluka awiriawiri moyang'anizana, monga a gwafa ndi khofi. Ena amatuluka limodzilimodzi mosinthana mbali, monga a mango. Chachiwiri ndi chakuti kodi tsambalo n'lathunthu kapena n'logawika m'timasamba ting'onoting'ono. Apa ambiri amapunthwa, poyesa kuti kalikonse kobiriwira pa bwemba ndi tsamba palokha. Njira yodziwira ndi kufunafuna kaso kophukira nthambi, kamene kamakhala m'khwapa mwa tsamba lenileni. Pamene pali kasoko ndi pamene tsamba layambira, ndipo zonse za kutsogolo kwake, ngakhale zikhale timasamba 30, ndi tsamba limodzi.

Ndiye pali zizindikiro zing'onozing'ono zimene zimapindulitsa wodekha. Pa nthambi ya khofi, pakati pa masamba awiri oyang'anizana aja, pali kachikopa kosongoka kolumikiza mbali ziwirizo. Mukaona masamba oyang'anizana, osalala m'mphepete, ndi kachikopa kotere, mwina muli m'banja la Rubiaceae, lomwe mulinso mtengo umene kwinini anachokerako. Tsamba la ndimu mukaliunika padzuwa limaonetsa timadontho towala, tomwe ndi timatumba ta mafuta onunkhira, chizindikiro cha Rutaceae. Bulugamu ndi gwafa zilinso ndi timadontho totere koma ndi za Myrtaceae, ndipo fungo lake n'losiyana. Phesi la ngodya zinayi, masamba oyang'anizana ndi fungo lamphamvu, monga pa mpungabwi, zimaloza ku Lamiaceae. Mphuno ndi zala zimagwira ntchito yofanana ndi maso pa nkhani imeneyi.

Vuto la tsamba n'lakuti limamvera malo. Zomera za m'malo ouma zimachepetsa masamba, kunenepetsa phesi ndi kumera minga, kaya ndi za banja liti. N'chifukwa chake mitundu ina ya Euphorbia, abale a nkhadze, imafanana ndi kakitasi wa ku America pamene palibe ubale wapafupi. Mukaibaya imatuluka utomoni woyera ngati mkaka, chimene kakitasi wamba sachita. Koma utomoni woyera nawonso sumaliza nkhani, poti mkuyu ndi kachere za banja la Moraceae zili nawo, kombe wa banja la Apocynaceae ali nawo, ngakhale letesi ali nawo.

Chitsanzo chabwino chili m'misewu ya m'mizinda yathu. Jakaranda amene amachita maluwa ofiirira mu Seputembala ndi Okutobala, ndi mtengo wa maluwa ofiira kwambiri uja wotchedwa Delonix regia umene umatsatira pambuyo pake, masamba awo ndi ofanana, onse ogawikagawika ngati nthenga. Yang'anani pa nthambi. A jakaranda ndi oyang'anizana, a Delonix ndi osinthana. Dikirani zipatso. Delonix amabereka makoko ataliatali ngati zikwanje, ndi wa kwa nyemba. Jakaranda amabereka tizikamba tozungulira tophwatalala, ndipo mbale wake ndi mvunguti, m'banja la Bignoniaceae.

Duwa ndiye mboni yaikulu

Chifukwa chimene akatswiri amakhulupirira duwa kuposa tsamba n'chakuti kamangidwe ka duwa sikasinthasintha ndi chilala kapena mthunzi. Mtundu wa duwa, kufiira kapena kuyera, sukuthandizani kwenikweni. Chofunika ndi kuwerenga ziwalo ndi kuona mmene zalumikizirana.

Duwa lokwanira lili ndi magawo anayi kuchokera kunja kulowa m'kati. Kunja kuli timasamba tobiriwira timene timaphimba duwa lisanamasule. Kenako pali timasamba tamtundu tokopa njuchi. Kenako timapesi tonyamula mungu, ndiyo mbali yaimuna. Pakati penipeni pali mbali yaikazi, yokhala ndi kathumba kamene kadzasanduke chipatso. Mafunso ndi awa: ziwalozi zilipo zingati, n'zolumikizana kapena n'zotayana, duwa lingadulidwe pakati mofanana kuchokera mbali iliyonse kapena mbali imodzi yokha, ndipo kathumba kaja kali pamwamba kapena pansi pa ziwalo zinazo?

Funso lomalizali limamveka lovuta koma mayi aliyense wothyola chiluwe amaliyankha tsiku ndi tsiku. Pa chomera cha dzungu pali maluwa amitundu iwiri. Lalimuna lili pa kaphesi kowonda kopanda kanthu. Lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, duwa lisanamasule n'komwe. Kadzunguko ndiye kathumba kaja, ndipo kali pansi pa duwa. Maluwa aamuna ndi aakazi osiyana, kathumba ka pansi, tizingwe topotana togwirira pokwera, masamba okhakhala, zimenezi pamodzi ndi banja la Cucurbitaceae, la maungu, mavwende, nkhaka, zipwete, mphonda ndi chinkhupule. Ngakhale duwa litafota, chipatso chimaulula. Pa tomato, kanyenyezi kobiriwira kamatsalira kumene kuli phesi, kusonyeza kuti kathumba kanali pamwamba. Pa gwafa, zotsalira za duwa zili kunsonga, kutali ndi phesi, ndiye kuti kanali pansi.

Duwa la tomato lili ndi timasamba tisanu tolumikizana patsinde ngati nyenyezi, ndipo timitu ta mungu tisanu tasonkhana pakati. Mukaliona kamodzi mudzalizindikira pa mbatatesi, pa nthula, pa biringano ndi pa mnadzi. Duwa la fodya n'lalitali ngati lipenga, koma nambala ndi yomweyo. Mbatatesi ikaloledwa kubereka imatulutsa tizipatso tobiriwira tofanana ndi tomato waung'ono, ndipo n'tapoizoni. Mbatata ya kholowa, ngakhale timaigula pa mulu woyandikana, ndi ya banja lina, Convolvulaceae, ndipo chimene timadya kwa iyo ndi muzu pamene kwa mbatatesi ndi phesi la pansi pa nthaka. Paja mbatatesi ili ndi maso.

Mpiru, repu, kabichi ndi tchainisi zikapita ku mbewu zimaonetsa timasamba tinayi topingasana ngati mtanda, ndi timapesi ta mungu 6, tinayi tatitali tiwiri tatifupi. Limeneli ndi Brassicaceae, limodzi mwa mabanja osavuta.

Mpendadzuwa ndiye wachinyengo. Chimene timati duwa limodzi ndi msonkhano wa timaluwa mazanamazana. Ta m'mphepete tili ndi lilime limodzi lalitali lachikasu, ta pakati ndi timachubu ting'onoting'ono, ndipo kalikonse kamabereka njere yake. Mukatenga duwa la chisoso ndi kulinyenya ndi chikhadabo mupeza zomwezo mwaung'ono. Tizisonga takuda tomata pa zovala tija ndi zipatso, chilichonse chochokera ku kaduwa kake. Deliya wa m'mbali mwa misewu, mwamunaaligone ndi letesi onse ndi a Asteraceae, banja la mitundu yoposa 25,000. Lopikisana nalo pa kukula ndi Orchidaceae, banja la chinaka kapena chikanda, limene pa mapiri a Nyika pokha pali mitundu yake pafupifupi 200.

Udzu nawo umachita maluwa, kungoti alibe timasamba tamtundu chifukwa mungu wake umanyamulidwa ndi mphepo. Ngayaye ndi maluwa aamuna a chimanga. Ndevu iliyonse pa chikonyo ndi njira yopita ku njere imodzi, ndipo ndevu imene sinalandire mungu imasiya mpata pa chitsononkho. Mkuyu umabisa maluwa ake m'kati mwa nkhuyu momwemo, ndipo timavu ting'onoting'ono ndi timene timalowa pa kabowo ka kunsonga kukapereka mungu. Tizilombo timene ana amapeza akang'amba nkhuyu si chizindikiro choti yawola.

Chipatso, ndi banja la nyemba

Kwa katswiri wa zomera, chipatso ndi kathumba ka duwa kaja katakhwima, kaya n'kotsekemera kapena ayi. Khoko la nandolo ndi chipatso, therere lobala ndi chipatso, njere ya chimanga ndi chipatso chimene khungu lake lamatirira ku mbewu. Nsatsi ikauma imaphulika m'zigawo zitatu, chimodzimodzi kachipatso ka chinangwa, ndipo ndi chimodzi mwa zizindikiro zoti ziwirizi ndi za Euphorbiaceae pamodzi ndi nkhadze.

Palibe banja limene chipatso chimaligwirizanitsa ngati Fabaceae, lachitatu pa kukula, la mitundu pafupifupi 19,500. Maluwa ake ndi osiyanasiyana moti munthu angakane kuti ndi abale. Nyemba, khobwe, nandolo ndi soya zili ndi duwa la timasamba tisanu tosafanana, kamodzi kakakulu kumwamba, tiwiri m'mbali ngati mapiko, tiwiri tolumikizana kunsi tobisa ziwalo zoberekera. Msangu ndi mthethe zili ndi timaluwa ting'onoting'ono tothithikana, tooneka ngati ubweya chifukwa cha kuchuluka kwa timapesi ta mungu. Bwemba ndi chitimbe zili ndi maluwa otseguka. Koma zonsezi zimabereka khoko la chipinda chimodzi, njere zitandanda mzere umodzi m'mbali mwa msoko. Masamba ake kawirikawiri ndi ogawika, osinthana mbali, otupa pang'ono patsinde, ndipo potupapo ndi pamene pamachititsa masamba ambiri a banjali kupindika usiku.

Mtedza ndi nzama zimachita maluwa pamwamba monga nyemba zina, kenako zimalowetsa kathumba m'nthaka kuti kakakhwimire komweko. Khoko la bwemba siliphulika. La mlombwa n'lozungulira, lili ndi phiko ndi minga pakati, ndipo pamafunika kuona duwa kuti munthu akhutire. Chamwamba, chimene ambiri amachitcha moringa, chili ndi masamba ogawika ndi makoko aatali, koma khoko lake lili ndi mbali zitatu ndipo limang'ambika patatu. Si cha kwa nyemba, abale ake apafupi ndi papaya ndi mpiru.

Alimi amadziwa banjali chifukwa cha timatuza ta pa mizu, momwe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totenga nayitrojeni mumpweya. Koma si onse a m'banjali ali nato. Mombo ndi anzake a m'nkhalango za miombo ndi a Fabaceae, komabe mizu yawo imagwirizana ndi bowa m'malo mwake, ndipo n'chifukwa chake bowa wambiri wa m'dzinja amazulidwa pansi pa mitengo imeneyi ndipo nkhalango ikatha nayenso amatha.

Chimene DNA inasintha

Kwa zaka zoposa 100, nyumba zambiri zosungira zomera zouma m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain zinkatsatira ndondomeko ya George Bentham ndi Joseph Hooker a ku Kew, munda wofufuzira za zomera ku London, yofalitsidwa pakati pa 1862 ndi 1883. Mabuku a Flora Zambesiaca, ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, anayamba kutuluka mu 1960 motsatira kwambiri ndondomeko imeneyo. Ambiri amene anaphunzira za nkhalango kuno anakulira m'mayina amenewo.

Kuyambira cha m'ma 1990 akatswiri anayamba kuyerekeza DNA ya zomera mazanamazana, ndiwo uthenga wa chibadwa umene kholo limapatsira ana ake. Gulu lotchedwa Angiosperm Phylogeny Group linatulutsa ndondomeko yatsopano mu 1998, ndi kuikonzanso mu 2003, 2009 ndi 2016. Yomalizayi ili ndi mabanja 416. Lamulo lawo n'lakuti banja likhale ndi kholo limodzi ndi adzukulu ake onse, osasiyako ena. Mabanja ambiri akale, monga la udzu, la nyemba ndi la mpendadzuwa, anapambana mayesowo osagwedezeka, umboni woti maso a akale aja ankaona bwino. Ena anaphwasuka. Masuku anachoka ku Euphorbiaceae kupita ku Phyllanthaceae. Kaufiti anapezeka kuti ndi mbale wa zomera zina zoyamwa mizu ya zinzake, ndipo anaikidwa nazo pamodzi.

Mlambe unalowa ku Malvaceae, ndipo mukayang'anitsitsa sizodabwitsa kwenikweni. Duwa la therere lobala, la thonje, la chidede ndi la mtowo lili ndi timapesi ta mungu tambirimbiri tolumikizana kukhala chubu chozinga mbali yaikazi. Duwa loyera la mlambe, lolendewera, lomasula madzulo kudikira mileme, lili ndi chubu chomwecho chothera m'chibulunga cha timapesi. Masamba a mlambe aang'ono akaphikidwa amatelera, matowo akatafunidwa amatelera, ndipo khungwa la mlambe limapereka luzi monga achibale ake ambiri. Denje analowanso m'banja lomweli kuchokera ku Tiliaceae, ngakhale timapesi take si tolumikizana. Koma chewe, therere linanso loterera bwino, ndi wa kwa chitowe, banja lina.

Nkhani ya Acacia ndi ya genus, osati banja, koma ndi imene inautsa mkangano woopsa. DNA itasonyeza kuti mitengo yotchedwa Acacia si mbumba imodzi, panafunika kusankha gulu losunga dzinalo. Msonkhano wa ku Vienna mu 2005 unalipereka ku mitundu ya ku Australia, yomwe ndi pafupifupi 1,000, ndipo wa ku Melbourne mu 2011 unatsimikiza. Ogwirizana nazo ankati potero mayina osinthidwa akhala ochepa. Otsutsa ankati dzinali linayambira pa mtengo wa ku Africa, n'lodziwika ndi madambo a kuno, ndipo kavotedwe ka ku Vienna sikanayende bwino. Mitengo ya kuno tsopano ndi Vachellia ndi Senegalia, ngakhale ena akupitiriza kulemba Acacia.

Kudziwa banja kumathandiza pati

Mlimi wodziwa kuti tomato, fodya, tsabola ndi mbatatesi ndi banja limodzi sadabwa alangizi akamaletsa kuzitsatiza pa munda umodzi, poti zimagawana matenda ndi tizilombo ta m'mizu. Amadziwanso kuti kusinthanitsa chimanga ndi mapira sikuthawa kaufiti, pamene nandolo kapena mtedza zimadula njira yake.

Koma banja silinena kuti chomera n'chodyedwa. Kwa tomato kulinso Datura, wa maluwa oyera ngati lipenga ndi chipatso chaminga, amene amapengetsa ndi kupha. Chinangwa chowawa chimafuna kuviika, ndipo njere za mbale wake nsatsi n'zakupha. Chimene banja limapereka ndi chenjezo. Utomoni woyera, masamba oyang'anizana ndi makoko awiri otuluka pamodzi ngati nyanga ndi zizindikiro za Apocynaceae, banja la mankhwala amphamvu okhudza mtima. Kombe amene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka ku mivi ndi wa mmenemu. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone kuyambira 1858, anatenga chomerachi, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapezamo mankhwala amene madokotala anagwiritsa ntchito pa matenda a mtima.

Wofuna dzina lenileni la chomera amapita nacho kwa akatswiri, monga a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987. Chimene amapempha ndi kanthambi kokhala ndi duwa kapena chipatso, kopanikizidwa pakati pa nyuzipepala, ndi mawu onena kumene kanatengedwa, mtundu wa duwa, fungo ndi utomoni, poti zimenezi zimatha chomera chikauma. Tsamba lokha nthawi zambiri limangowafikitsa pa "mwina".

Mafunso amene akadalipo

DNA imasonyeza nthambi za ubale, koma sinena pamene banja liyenera kudulidwa. Zimenezo ndi anthu amasankha. Ena amakonda mabanja aakulu ochepa, osavuta kuloweza. Ena amati banja likakula kwambiri limataya zizindikiro zooneka ndi maso. Khonje ndi katsitsimzukwa tsopano zili m'banja limodzi la Asparagaceae, koma mphunzitsi angaloze chiyani kumunda kuti ophunzira aone ubalewo? Ngati banja likudziwika ndi makina okha, kodi likugwirabe ntchito kwa mlonda wa nkhalango kapena msing'anga?

Nthambi zina sizinakhazikike. Mu 2024 akatswiri otsogozedwa ndi a ku Kew anafalitsa kafukufuku wa mitundu yoposa 9,500, ndipo ngakhale anatsimikiza zambiri, m'malo ena DNA ya mbali zosiyana za chomera chimodzi imanena mbiri zosiyana, mwina chifukwa mitundu inakwatirana kalekale. Pa zaka za zomera zochita maluwa palinso kusiyana. Zotsalira za m'miyala zodalirika zimafika zaka pafupifupi 135 miliyoni, pamene kuwerengera kwa DNA nthawi zambiri kumapitirira pamenepo.

Mapulogalamu a pa foni ozindikira zomera amaphunzira kuchokera ku zithunzi zimene anthu atumiza, ndipo zochuluka n'zochokera ku Ulaya ndi ku North America. Adzayamba liti kudalirika pa zitsamba za ku Misuku kapena ku Mchinji, ndipo ndani adzatsimikize mayina a zithunzi za kuno? Chaka chilichonse mitundu yatsopano pafupifupi 2,000 imapatsidwa mayina padziko lonse, pamene nkhalango zina zikutha zisanafufuzidwe mokwanira. Zomera zambiri zoyambirira zimene mayina a mitundu ya kuno anakhazikikapo zili m'makabati a ku London ndi mizinda ina ya ku Ulaya. Ena akuti kuzijambula ndi kuziika pa intaneti n'kokwanira, ena akuti wofufuza wa ku Zomba kapena ku Kitwe amafunika kugwira chomera chenicheni ndi kutengako DNA. Ndipo mayina a m'midzi, amene nthawi zina amasiyanitsa zomera zimene buku limaziphatikiza, kapena kuphatikiza zimene buku limazisiyanitsa, sanalembedwe onse. Sizinagwirizanidwe kuti awasonkhanitse ndani, awasunge kuti, ndipo phindu likapezeka pa chomera chimene agogo analoza, lipite kwa yani.